Momwe mungakonzere zikumbutso za pafoni zothandiza amayi kubweranso ndi mwana ku katemera

Mwana akangobadwa, maulendo a kusikelo amakhala oyandikana. Katemera woyamba amalandira atangobadwa, kenako pa masabata 6, pa masabata 10 ndi pa masabata 14. Khanda likadali m'manja, aliyense pakhomo amakumbukira tsiku lake, ngakhale agogo. Vuto limabwera pambuyo pake. Kuchoka pa masabata 14 kukafika pa miyezi 9, pamene mwana amayenera kubayitsa katemera wa chikuku, pamadutsa pafupifupi theka la chaka. Katemera wachiwiri wa chikuku ndi wa pa miyezi 15, mwana akuyenda kale, akudya nsima ndi anzake, wooneka wathanzi. M'kati mwa nthawi imeneyi mvula yagwa, kumunda kwachuluka ntchito, kabuku ka kusikelo kalowa pansi pa sutikesi. Mayi sanakane katemera. Masiku angodutsa.

Apa ndi pamene anthu okonza mapulogalamu a pafoni amadzuka n'kunena kuti, "Tiyeni tiziwatumizira uthenga." Maganizo ake ndi abwino, ndipo ine ndagwirapo ntchito yotereyi ndi kagulu kakang'ono ka anzanga. Chimene ndinaphunzira n'chakuti kutumiza uthenga ndiye gawo losavuta kuposa onse. Ntchito yeniyeni ili pa kudziwa chimene chikumuletsa munthu, kumupempha chinthu chimodzi chaching'ono pa nthawi imene angathe kuchichita, ndi kukhala ndi munthu wamoyo amene amuyankhe akanena kuti pali vuto. Ndatenga chitsanzo cha katemera chifukwa ndi chimene ndikuchidziwa bwino, koma njira yake ndi imodzimodzi kaya mukufuna anthu azimwa mankhwala a BP osadumphitsa, azisunga ndalama ku banki mkhonde, kapena azithira mankhwala m'chimanga chosunga.

Choyamba: sankhani chochita chimodzi chooneka ndi maso

Musalembe kuti cholinga chanu ndi "kutukula umoyo wa ana." Foni singatumize zimenezo kwa aliyense. Lembani chiganizo chokhala ndi munthu, chochita, malo ndi nthawi: mayi kapena womulera abwere ndi mwana wa miyezi 9 kusikelo ya m'dera lake pa tsiku la katemera, atatenga kabuku. Chiganizo chotere mungathe kuchiona chikuchitika, ndipo mungathe kuwerenga ngati chachitika kapena ayi.

Anthu amene akukupatsani ndalama adzafuna muwonjezerepo za kadyedwe, za kulera, za masikito ndi za kusamba m'manja. Zonsezo ndi zofunika, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Yambani ndi chimodzi. Chikayenda, zinazo zidzapeza polowera.

Chachiwiri: kakhaleni pa benchi musanatsegule kompyuta

Gawo ili ndi limene anthu amalithamangira, ndipo ndi limene limagwetsa ntchito zambiri. Pemphani chilolezo ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, kenako pitani pa tsiku la sikelo m'mamawa, mukakhale pa benchi limodzi ndi amayi. Osanyamula mafunso a papepala ayi. Onani amene wabwera wapansi, amene wabwera pa kabaza, amene wabereka mwana wina kumbuyo wina akumukoka padzanja. Mukatero pemphani mlangizi wa zaumoyo akuperekezeni kumudzi kwa amene sanabwere, chifukwa mayankho amene mukuwafuna ali kumeneko.

Funso lake lisakhale lakuti, "N'chifukwa chiyani simunabwere?" Funso limenelo limamveka ngati mlandu, ndipo munthu amangoyankha kuti, "Ndinaiwala," kuti mumusiye. Funsani kuti, "Tsiku lija munadzuka bwanji, munachita chiyani?" Mudzamva zenizeni. Wina anapita kuganyu chifukwa m'nyumba munalibe ufa. Wina mtsinje unadzaza. Wina kabuku kananyowa ndi mvula ndipo akuopa kukalalatiridwa. Wina anapitako mwezi watha, anadikira mpaka masana, n'kuuzidwa kuti katemera kulibe, abwerenso. Wina apongozi ake anamuuza kuti mwana anatentha thupi ulendo watha, asakamubayitsenso. Wina amaganiza kuti katemera anatha pa miyezi 9, za miyezi 15 sanamvepo.

Mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Stanford ku America, BJ Fogg, anafotokoza kuti munthu amachita chinthu pamene zinthu zitatu zakumana nthawi imodzi: akufuna, angathe, ndipo china chake chamukumbutsa. Ine ndimagwiritsa ntchito maganizo amenewa ngati lichero lopetera zimene ndamva kumudzi. Tengani zifukwa zonse muziike m'milu itatu. Amene sakudziwa tsiku kapena waiwaladi, akusowa chikumbutso, ndipo foni ingamuthandize kwambiri. Amene akuopa kapena wamva mphekesera, vuto lili pa kufuna, ndipo foni ingathandize pang'ono, makamaka ikamulumikiza ndi munthu amene amamukhulupirira. Amene alibe ya kabaza, kapena amene anapeza katemera kulibe, vuto lili pa kutha. Ameneyo mukamamutumizira uthenga wakuti "katemera ndi wofunika" mukungomupweteka mtima, chifukwa akudziwa kale.

Mulu wachitatuwo ukakhala waukulu kuposa inayo, imani kaye. Mwina chimene chikufunika si uthenga wopita kwa amayi, koma uthenga wopita kwa mlangizi womuuza kuti m'mudzi wakuti muli ana asanu ndi mmodzi amene akwana miyezi 9, akonze sikelo yoyendera kumeneko. Chida chake n'chomwecho, koma chaloza kwina.

Chachitatu: dziwani kuti foniyo ndi ya ndani

Ife tinayamba ndi kulemba nambala iliyonse imene mayi watipatsa, osafunsa zambiri. Patapita masabata angapo tinazindikira kuti mauthenga ambiri akufikira abambo amene ali kumsika kapena kunyanja, mlamu wokhala mudzi wina, ngakhale mnyamata wotchajitsa mafoni pa sitolo. Kuyambira pamenepo tinawonjezera mafunso atatu polembetsa: foniyi imagona m'nyumba mwanu? Amaisunga masana ndani? Uthenga ukabwera, amakuwerengerani ndani?

Mayankho ake amakuuzani njira yoti musankhe. SMS imalowa pa foni iliyonse, ngakhale kafoni ka mabatani, ndipo imadikira mpaka foni itayaka, koma imafuna wodziwa kuwerenga. Uthenga wa mawu ojambulidwa umamveka kwa aliyense, koma ukalira foni ili kotchajitsa ndiye kuti wapita, choncho pamafunika kuimbanso kapena kupereka nambala yaulere yoti munthu aimbe yekha akapeza mpata. USSD, zija timadina nyenyezi ndi manambala pogula bandulo kapena potumiza ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, anthu ambiri anaizolowera, koma imadula munthu akachedwa kuyankha, ndiye musaikemo mafunso ambiri. WhatsApp ndi yabwino m'tauni ndi kwa alangizi, koma amayi amene mukuwafuna kwambiri ndi omwe alibe foni yotero kapena ndalama ya bandulo.

Sitikuyambira pa chabe. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba m'boma la Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Munthu amaimba foni kwaulere n'kulankhula ndi wazaumoyo, ndipo kuyambira pachiyambi chinali ndi mauthenga okumbutsa amayi oyembekezera ndi olera ana, olembedwa kapena a mawu. Ku South Africa, MomConnect inayamba mu 2014, amayi akulembetsa podina *134*550#. Musanamange chanu, fufuzani zimene zilipo kale m'dera lanu. Nthawi zina chanzeru n'kungolozera amayi ku nambala imene ilipo m'malo moyambitsa ina.

Za chilankhulo musaganizire muli mu ofesi. Mayi wa ku Mangochi angathe kumva Chichewa bwinobwino, koma uthenga wonena za mwana wake umamufika pamtima m'Chiyao. Chimodzimodzi Chitumbuka ku Rumphi, Chitonga ku Nkhata Bay, Chisena ku Nsanje. Mufunseni polembetsa. Ndipo wojambula mawu akhale munthu wa kuderalo, wolankhula modekha ngati azakhali, osati ngati wolengeza malonda pa wailesi.

Chachinayi: lembani uthenga

Uthenga wathu woyamba unali wotere: "Katemera amateteza mwana wanu ku matenda oopsa. Onetsetsani kuti mwana wanu walandira katemera yense pa nthawi yake." Mulibe bodza m'menemo, komanso mulibe chimene mayi angachite mawa m'mawa. Tsiku lake ndi liti? Kuti? Atenge chiyani? Umene tinadzakhazikika nawo unali wofanana ndi uwu:

"Zikomo mayi. Lachinayi pa 12 ndi tsiku la katemera wa chikuku kusikelo. Tengani kabuku ka mwana. Mubwera? Yankhani 1=Inde, 2=Pali vuto. Kuyankha n'kwaulere."

Onani zimene zili m'menemo. Muli ulemu, chifukwa foni ikulowa m'nyumba ya munthu. Muli dzina la tsiku, osati deti lokha, chifukwa kumudzi anthu amawerenga masiku ndi Lachinayi, tsiku la msika, Lamulungu. Muli chinthu chimodzi chonyamula. Ndipo muli funso. Funsolo ndi limene limasiyanitsa chida cholankhulana ndi chikwangwani cha pamsewu.

Kumufunsa munthu kuti achita liti kumathandiza kuposa kungomuuza kuti achite. Pa kafukufuku wina wa ku America amene Katherine Milkman ndi anzake anafalitsa mu 2011, ogwira ntchito pa kampani ina analandira makalata owauza za katemera wa chimfine. Ena makalata awo anali ndi malo oti alembepo tsiku ndi ola limene apite. Mwa amene analandira kalata wamba, pafupifupi 33 pa 100 aliwonse anakabayitsa. Mwa amene anapemphedwa kulemba tsiku ndi ola, anali pafupifupi 37. Kusiyana kwake si kwakukulu, koma kunabwera ndi mzere umodzi wokha wa papepala. Inunso mungafunse mayi kuti, "Mudzanyamuka nthawi yanji? Ana enawo adzatsala ndi ndani?" Akamayankha, m'mutu mwake ulendo wayamba kale.

Pali mawu awiri amene ndikukupemphani muwapewe. Oyamba ndi oopseza: "Mwana wanu akhoza kufa." Mayi amene alibe ya kabaza akawerenga zimenezo amangozimitsa foni, ndipo ulendo wina akaona nambala yanu satsegulanso. Achiwiri ndi odandaula: "Amayi ambiri m'dera lino sakubwera ndi ana ku katemera." Mukuganiza kuti mukuwadzudzula, koma amene wawerenga akumva kuti kusabwera ndi zimene aliyense akuchita. Ku San Marcos, m'chigawo cha California, akatswiri anauza mabanja kuchuluka kwa magetsi amene anzawo oyandikana nawo amagwiritsa ntchito. Amene ankagwiritsa ntchito ambiri anachepetsa, koma amene ankasamala kale anayamba kuwonjezera kuti afanane ndi anzawo, mpaka pamene pa pepala lawo panaikidwa kankhope kosekerera kowayamikira. Munthu amatsata kumene akuona kuti gulu likupita. Ngati n'zoona kuti amayi ambiri a m'mudzimo anabwera mwezi watha, nenani zimenezo. Ngati si zoona, musapeke. Kumudzi anthu amadziwana, ndipo bodza limodzi limaipitsa mauthenga onse otsatira.

Kanthu kena kakang'ono ka umisiri kamene kamadya ndalama mwakachetechete. SMS imodzi imatenga zilembo 160. Koma mukaikamo chilembo ngati ŵ, kapena kachizindikiro kopindika kamene Word imaika yokha m'mawu ngati m'mawa ndi ng'ombe, uthengawo umasintha kalembedwe ka m'kati n'kuyamba kutenga zilembo 70 zokha. Uthenga umene mumauyesa umodzi umasanduka itatu, mtengo nawo n'kukwera katatu, ndipo pa mafoni ena akale umafika wodukaduka. Chichewa chili ndi tizizindikiro timeneti paliponse, choncho lembani mauthenga anu mu pulogalamu ya zilembo wamba, gwiritsani ntchito kachizindikiro kowongoka, ndipo dzitumizireni nokha pa kafoni ka mabatani musanatumizire wina aliyense.

Mukamaliza kulemba, kawerengereni amayi asanu mokweza, mmodzimmodzi, n'kuwafunsa kuti, "Uthengawu ukukuuzani kuti mutani?" Musafunse ngati ndi wabwino. Anthu athu ndi aulemu, adzakuuzani kuti uli bwino.

Chachisanu: nthawi yotumiza ndi kuchuluka kwake

Mtima umafuna kutumiza tsiku ndi tsiku, poganiza kuti kukumbutsa kwambiri ndiye kuthandiza kwambiri. Kafukufuku wina wa ku Kenya, wofalitsidwa mu 2011 ndi Cristian Pop-Eleches ndi anzake, anayesa zimenezi pa anthu oyamba kumwa ma ARV. Mwa amene ankalandira uthenga kamodzi pa sabata, 53 pa 100 aliwonse anamwa mankhwala mokhulupirika, poyerekeza ndi 40 mwa amene sankalandira uthenga. Amene ankalandira tsiku lililonse sanasiyane kwenikweni ndi amene sankalandira konse. Chinthu chikamalira tsiku ndi tsiku, khutu limachizolowera ngati tambala wa kwa aneba.

Pa katemera, ife tinkatumiza katatu: kutatsala sabata, kuti mayi akonze za ganyu ndi za womusiyira ana; madzulo a tsiku loti mawa ndi sikelo; ndipo kachitatu kwa okhawo amene sanabwere. Ola lake lifanane ndi nthawi imene foni ili pakhomo. Ngati amayenda nayo ndi bambo, uthenga wa 10 koloko m'mawa ufika kumsika n'kuiwalika komweko. Wa madzulo, anthu atadya, umapeza onse ali pamodzi. Ndipo popeza bamboyo ndi amene awerenge, mulankhuleni nayenso: "Bambo, mawa ndi tsiku la katemera wa mwana wanu. Thandizani mayi kuti afike kusikelo m'mawa." Abambo ambiri amene ndinacheza nawo sankakana. Panalibe amene anawauzapo kuti nkhaniyi ikuwakhudza.

Uthenga wachitatu uja ulembeni mosamala kuposa yonse. Usakhale wakuti, "Simunabwere." Ukhale wakuti, "Tinakusowani Lachinayi. Katemera akadalipo, mwana sanachedwe. Sikelo ina ndi pa 26. Ngati kabuku kanatayika bwerani basi, tidzakuthandizani." Koma musanalembe mawu omalizawo, gwirizanani ndi a kuchipatala kuti mayi wobwera wopanda kabuku adzalandiridwadi bwino. Foni isalonjeze chimene pakhomo la chipatala sichikachitika.

Chachisanu ndi chimodzi: ikani munthu kuseri kwa nambala

Ngati pali gawo limodzi loti musalidumphe, ndi ili. Mwamufunsa mayi kuti adine 2 ngati pali vuto. Wadina. Kenako chiyani?

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha WelTel ku Kenya, chimene zotsatira zake zinatuluka mu 2010 pansi pa utsogoleri wa dokotala Richard Lester. Lolemba lililonse m'mawa, anthu omwa ma ARV ankalandira liwu limodzi la Chiswahili, "Mambo?", kufunsa kuti zikuyenda bwanji. Ankayankha "Sawa" ngati zili bwino, kapena "Shida" ngati pali vuto. Amene wanena kuti pali vuto, kapena amene wakhala chete masiku awiri, namwino ankamuimbira foni. Mwa anthu 273 olandira uthengawu, 168 ankamwa mankhwala mokhulupirika, pamene mwa 265 osalandira anali 132. Mu uthengawo munalibe phunziro, munalibe ngakhale liwu lakuti mankhwala. Mphamvu yake inali yakuti wodwala ankadziwa kuti kuchipatala kuli munthu amene aone ngati iye sanayankhe.

Choncho musanatumize uthenga woyamba, khalani pansi ndi alangizi a zaumoyo ndi anamwino mugwirizane. Ndani aziona mayankho? Pa foni ya ndani? Mayunitsi oimbira achokera kuti, ndipo adzafika mwezi uliwonse? Munthu akadina 2, aimbiridwa pasanathe maola angati? Mayi akalemba usiku kuti mwana akukomoka, uthenga wobwerera pompo uzimuuza kuti athamangire kuchipatala osadikira foni, ndipo uzimupatsa nambala yoti aimbe. Alangizi ali kale ndi ntchito yambiri, ndiye musawatumizire mndandanda wa mayina makumi asanu. Atumizireni mayina ochepa a amene akufunikadi kuyenderedwa sabata imeneyo, atasanjidwa potsata midzi kuti ulendo umodzi wa panjinga ukwanire.

Ngati mulibe munthu woti aziyankha, chotsani funsolo. Kufunsa munthu za vuto lake kenako osamuyankha n'koipa kuposa kusamufunsa.

Chachisanu ndi chiwiri: yesani pamanja kaye

Musalembe ntchito wokonza mapulogalamu pa mwezi woyamba. Tengani foni imodzi, kope limodzi ndi amayi makumi awiri amene avomera. Tumizani mauthenga ndi zala zanu, lembani mayankho m'kope. M'masabata anayi mudzaona zimene palibe akanakuuzani: ena amayankha "Inde" m'malo mwa 1, ena "Eya", ena amangofulasha kuti muwaimbire, ena amaimba n'kuyamba kufotokoza za chifuwa cha agogo. Zonsezi pulogalamu yanu idzayenera kuzimva. Kufulasha makamaka musakupepuse. Ndi njira imene anthu anapanga okha yolankhulira opanda mayunitsi, ndipo mungathe kuilandira ngati yankho lakuti "ndiimbireni."

Ntchito zina zodziwika zinayamba mochepa chomwechi. Mu 2008, wophunzira wina wa ku Stanford, Josh Nesbit, anafika pa chipatala cha St Gabriel ku Namitete ndi laputopu imodzi, pulogalamu yaulere ya FrontlineSMS ndi mafoni wamba oti agawire anthu odzipereka a m'midzi, kuti azilemberana ndi chipatala m'malo moyenda mitunda italiitali. Pamenepo ndi pamene panaphukira bungwe limene linadzatchedwa Medic Mobile. Lero kuli zida ngati RapidPro, imene UNICEF inathandiza kukonza, zokulolani kujambula njira ya mafunso ndi mayankho popanda kulemba pulogalamu kuchokera pachiyambi. Koma chida chilichonse chimangochulukitsa chimene mwachiyesa kale. Uthenga wosamveka ukapita kwa anthu 20,000 umakhala wosamvekabe.

Chachisanu ndi chitatu: werengani ana, osati mauthenga

Lipoti lonena kuti "tatumiza mauthenga 50,000" silikuuzani ngati mwana ngakhale mmodzi wabayitsa. Chowerenga chanu chili m'kaundula wa kusikelo ndi m'timabuku ta ana: mwa ana amene anakwana miyezi 9 mwezi uno, angati alandira katemera wa chikuku pasanathe milungu inayi?

Ndipo samalani ndi nyengo. Mukayamba mu Febuluwale, nthawi ya njala ndi matope, n'kudzawerenga mu Juni anthu atakolola, chiwerengero chidzakwera ngakhale foni zanu zikanakhala zozima. Njira yachilungamo ndi kufananiza magulu awiri pa nthawi imodzi, osankhidwa mwa mayere: midzi ina iyambe kulandira mauthenga tsopano, ina idzayambe pakapita miyezi itatu. Onse adzalandira, koma pakatipo mudzaona kusiyana kwenikweni. Ngati mukufuna kudzafalitsa zotsatira ngati kafukufuku, pezani chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo musanayambe, osati mutamaliza.

Yang'ananinso amene chida chanu sichikuwafikira. Amayi opanda foni m'nyumba nthawi zambiri ndi omwenso amakhala kutali ndi chipatala. Mukapanda kusamala, mudzathandiza amene anali pafupi kale n'kusiya enawo pomwe anali. Kwa iwowa tinkapempha mayi mnzawo woyandikana naye, kapena wa m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, kuti azilandira uthenga m'malo mwawo, mwini wake atavomera.

Chachisanu ndi chinayi: chilolezo, chinsinsi ndi kudziwa poleka

Nambala ya foni, dzina la mwana ndi tsiku lake lobadwa ndi zinthu za mwini. Malawi ili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu la 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene limayang'anira. Koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, ulemu ukanafuna zomwezo. Muuzeni mayi m'chilankhulo chake kuti azilandira chiyani, kangati, kuchokera kwa ndani, ndipo kuti akakana, mwana wake adzathandizidwa kusikelo monga mwa nthawi zonse. Sungani zochepa zimene mukufunikiradi. Musagawire manambala kwa ogulitsa katundu kapena a ndale, ngakhale atapempha mokoma bwanji. Ndipo poti foni ndi yobwerekana, musalembe mu uthenga chilichonse chimene mayi sangafune kuti mlamu wake awerenge. Izi n'zofunika koposa ngati ntchito yanu ikukhudza HIV kapena kulera.

Kusiya kukhale kosavuta ngati kulowa: liwu limodzi, "SIYA", kapena kuuza mlangizi pakamwa.

Pali chinthu chimodzi chimene sindidzaiwala. Tsiku lina mlangizi anatiimbira kutiuza kuti uthenga wathu wokumbutsa za katemera wa miyezi 9 wafika pakhomo pamene mwana anamwalira masabata atatu m'mbuyomo. Bambo ndi amene anauwerenga, pamaso pa mkazi wake. Tinapita kukapepesa, ndipo anatilandira mwaulemu umene sitinauyenere, koma chisoni chimene tinawadzutsira sitikanachibweza. Pulogalamu yathu inkadziwa kuwerenga miyezi, sinkadziwa kuti m'mudzi mwagwa maliro. Kuyambira tsiku limenelo tinakonza kuti mlangizi, a mfumu kapena wa m'komiti athe kuimitsa mauthenga a pakhomo lililonse ndi SMS imodzi, ndipo tinaika funso limeneli pa msonkhano wa mwezi uliwonse: kodi pali khomo limene tiyenera kusiya kulitumizira? Inu konzani zimenezi pa tsiku loyamba, musanatumize kalikonse.

Konzaninso mathero abwino. Mwana akalandira katemera wachiwiri wa chikuku, ntchito imene munalonjeza yatha, ndipo mayi ayenera kudziwa kuti yatha, osangoona kuti foni yakhala chete. Uthenga wathu womaliza unkati: "Zikomo mayi ndi bambo. Mwana wanu wamaliza katemera wa chikuku. Pitirizani kukweza sikelo mpaka zaka 5. Mauthenga athu athera pano. Sungani kabuku pouma."